Wokumba Maziko

Piki yanga yayenda Lusaka kuposa mapazi anga.
Zaka makumi atatu ndikukumba maziko a eni,
zimbudzi, zitsime, ngalande za mipope,
ndipo ndingakuuzeni ndili chitsinzinire
kumene yagwera:
ku Ibex imalira ngati yagunda mbiya yowotcha,
ku Ngwerere imangoti phwa, n'kukana kuzuka.

Katondo ndimam'dziwira pa malaya.
Amake Tikambenji anachapa mpaka zala kusupuka,
kolala inakhalabe yofiira, anapita inali yofiira.
Koma katondo alibe mangawa ndi munthu.
Mvula ikagwa usiku, m'mawa wamwa kale,
madzi atsikira pansi kukafuna mwala wa laimu,
iwe n'kuyenda pamwamba nsapato zili zako.
Ukam'dula khoma, amaima chilili
ngati anauzidwa kuti adikire simenti.

Makande ndi nkhani ina.
Mu Okutobala amang'ambika milomo,
ming'alu yolowa mkono mpaka m'chigongono.
Ndinagwetseramo kiyi wa njinga chaka cha kolera,
mpaka lero ali nayebe.
Mvula ikabwera amatupa, natseka pakamwa,
amakuvula jombo, amagwira wilibala pa mwendo,
fosholo imodzi imalemera ngati ngongole.

Tikambenji anabwera pa holide ndi buku lonenepa.
Anatola chibuma pa jombo yanga, nachifikisa m'zala.
"Atate, kufiiraku ndi dzimbiri.
Mwala unali ndi chitsulo m'mimba.
Dzuwa ndi mvula zinaupera, zaka zosati n'kuwerenga,
madzi anatsuka zokoma zonse n'kutsika nazo,
chitsulo chinatsala pamtunda, chikupuma mphepo,
chinachita zomwe achita malata athuwa."

Nanga wakudayu? ndinafunsa.

"Ndi zimene mtunda unataya.
Zinadzaunjikana kudambo kumene madzi sathawa,
pamodzi ndi udzu wofa chaka ndi chaka.
Dongo lake limamwa n'kufufuma, likauma limafota,
zapamwamba zimagwera m'ming'alu,
dothi limadzitembenuza lokha, lopanda khasu."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.
Ndiye kuti mabwana aja a mipanda yamagetsi
anagula dothi lochapidwa, losauka,
n'chifukwa chake kapinga wawo amadya feteleza ngati mwana wodwala,
pomwe ife a m'munsi tikugona pa chuma cha mzinda wonse?
Mwana sanaseke.
Ankayang'ana khoma la kuchipinda.

Pali mng'alu pamenepo, woyambira pazenera.
Nyumbayi ndinamanga ndekha, ine wodziwa dothi,
pa puloti yomwe ndalama zanga zinafikira.
A Miti anandichenjeza: kumba mpaka upeze cholimba,
thira miyala, ika waya.
Ndinali ndi matumba asanu ndi limodzi a simenti
ndi mkazi wodwala.
Tsopano m'chilimwe mumalowa chala chachikulu,
ndimaonera nyali ya kwa aneba ndili pabedi.
Mu Januwale mng'alu umatsekeka, ngakhale machesi salowa,
koma chitseko ndiye chimakana kutseka.
Nyumba imapuma kamodzi pa chaka,
ine ndili m'kati mwake.

Kuseri, repu ndi tomato zimangodzikulira.
Sindinagulepo thumba la feteleza chibadwire.
Dothi lomwe likundithyolera khoma
ndi lomwe linalipira theka la buku lonenepa lija.
Ndikalitukwana m'mawa, madzulo ndimalithirira.

Tsiku lobwerera kusukulu
anatenga timapepala tiwiri ta shuga,
kena anathiramo wofiira wa pa piki,
kena wakuda wa pansi pa zenera,
nalemba manambala, akuti akapima.
Ndinati kapime, mwanangu,
ukandiuze ngati pali mankhwala a khoma.

Lero tili ku Chalala, maziko a nyumba yosanja.
Mita imodzi yofiira, kenaka mwala.
Ndasamba kawiri ndi sopo wa a kapitawo.
M'zikhadabo mwatsala mzere wakuda wa kwathu,
m'mizere ya chikhatho, dzimbiri la eni.